Maselo a yisiti akakana kuyendera limodzi pofufuza RSC ndi SWI/SNF

Pali vuto limene limabwera mobwerezabwereza kwa aliyense wogwiritsa ntchito yisiti ya Saccharomyces cerevisiae pofufuza mmene chromatin, kutanthauza DNA pamodzi ndi mapuloteni oikulungira, imasinthira pamene selo likukonzekera kugawikana. Munthu amathira alpha factor, mankhwala oimitsa maselo onse pa gawo limodzi la ulendo wawo wa kugawikana, m'botolo la maselo, amadikira maola 2 kapena 3, amatsuka maselowo n'kuwamasula, kenako amatapa sampulo pakatha mphindi 10 zilizonse, koma poyang'ana zotsatira amapeza kuti maselowo sanayendere limodzi. Ena aphuka kale pamene anzawo akadali mu G1, gawo loyamba selo lisanakopere DNA, ndipo chizindikiro cha ChIP (njira yoonera puloteni imene yakhala pa DNA pogwiritsa ntchito antibody) chimene chimayenera kukwera msanga n'kutsikanso changoyalana ngati mphasa kuyambira pa sampulo yoyamba mpaka yomaliza. Zikatere ambiri amathamangira kugula alpha factor ina kapena kutaya antibody, chonsecho gwero la vutolo kawirikawiri limakhala kwina.

DNA ya yisiti imakulungidwa pa timagulu ta mapuloteni 8 a histone, ndipo kagulu kalikonse pamodzi ndi DNA yake yotalika ma base pair 147 kamatchedwa nucleosome. Kuti jini iwerengedwe, ma nucleosome ena ayenera kusunthidwa kapena kuchotsedwa, ndipo ntchito imeneyi imagwiridwa ndi magulu a mapuloteni amene amagwiritsa ntchito mphamvu ya ATP. Awiri mwa magulu amenewa ndi SWI/SNF ndi RSC. SWI/SNF, imene injini yake ndi Snf2, inadziwika kudzera mu yisiti yolephera kusintha mating type (mtundu wa selo pokwatirana, a kapena α) ndiponso yolephera kudya shuga wa sucrose, ndipo selo limatha kukhala ndi moyo popanda iyo ngakhale limakula mofooka. RSC, imene Bradley Cairns ndi anzake anaipatula mu 1996 m'labotale ya Roger Kornberg ku Stanford, injini yake ndi Sth1, imachuluka pafupifupi kakhumi kuposa SWI/SNF, ndipo selo likaisowa limafa. Zambiri zimene maguluwa amachita pa promoter, chigawo cha DNA choyatsira jini, zimatenga mphindi zowerengeka chabe, n'chifukwa chake maselo onse a m'botolo ayenera kukhala pa gawo limodzi la ulendo wawo wa kugawikana, apo ayi zimene tikufuna kuona zimasungunuka m'chipwirikiti cha maselo mamiliyoni.

Chimene chimapangitsa ntchitoyi kukhala yovuta kuposa ina n'chakuti mapuloteni amene tikuwafufuzawo ndi omwenso amathandiza kuyendetsa ulendo wa kugawikanawo. Choncho maselo akakana kuyendera limodzi, mwina dzanja lathu ndilo lalakwitsa, mwina mtundu wa yisiti umene tili nawo si umene tikuganiza, mwinanso kukanako ndilo yankho lenileni la funso lathu. Njira yokhayo yosiyanitsira zitatuzi ndi kukhala ndi botolo la mtundu wosasinthidwa, wochokera ku kholo lomwelo, limene likuchitidwa chilichonse chimene botolo linalo likuchitidwa, tsiku lomwelo, ndi mankhwala omwewo. Ngati mtundu wosasinthidwawo nawonso sukuyenda bwino, musayambe mwaganizira za chromatin.

Maselo sakuima mu G1

Musanawononge botolo lina, yesani pa mbale. Yalani maselo ochepa pa mbale ya YPD, chakudya chokulitsira yisiti, ikani kapepala kosefera kodonthezedwa alpha factor pakati pake, ndipo muisiye usiku umodzi pa madigiri 30. M'mawa payenera kuoneka bwalo loyera kuzungulira kapepalako, pamene maselo alephera kukula. Bwalo likaoneka pa mtundu wosasinthidwa koma osaoneka pa mtundu wanu, mankhwalawo ndi abwino ndipo vuto lili m'maselo. Likapanda kuoneka pa mbale zonse ziwiri, kayikirani mankhwalawo, chifukwa alpha factor ndi kapeptide ka ma amino acid 13 kamene kamafooka kakasungunulidwa n'kuumitsidwanso kangapo. Ndi bwino kukagawa m'timachubu ting'onoting'ono tosungidwa pa madigiri 20 pansi pa ziro, kuti kachubu kalikonse kagwire ntchito kamodzi.

Alpha factor imamvedwa ndi maselo a MATa okha, ndiko kuti a mating type a, kudzera mu puloteni ya Ste2 ya pakhungu la selo. Uthengawo umadutsa mu Fus3 n'kufika pa Far1, imene imatsekereza Cdc28, puloteni yoyendetsa ulendo wa kugawikana, ikalumikizana ndi ma cyclin a G1, ndipo selo limaima lisanadutse START, chipata chimene Leland Hartwell anachilongosola m'zaka za m'ma 1970 ku University of Washington. Selo la MATα silimva kanthu, ndipo la diploid (la makope awiri a ma chromosome) lokhala ndi a ndi α silimvanso. Izi zimaoneka zosafunika kuzinena, koma mitundu yambiri ya RSC ndi SWI/SNF imapangidwa pokwatitsa mitundu iwiri n'kusankha ma spore, ndipo kulakwitsa polemba pa chubu n'kosavuta. PCR imodzi ya pa MAT imathetsa kukayika konseko tsiku lomwelo.

Chachiwiri, chimene ndi chofala kuposa zonse, ndi Bar1. Maselo a MATa amatulutsa protease imeneyi, puloteni yodula mapuloteni ena, m'madzi amene akukuliramo, ndipo imadula alpha factor. Mitundu yokhala ndi BAR1, monga BY4741, imafuna alpha factor yochuluka, kawirikawiri 5 mpaka 10 µg/ml, pamene mitundu ya bar1Δ, imene jini ya BAR1 inachotsedwa, imaima ndi pafupifupi 50 ng/ml. Popeza Bar1 imachuluka pamene maselo akuchuluka, botolo lothithikana limadya mankhwalawo msanga, moti maselo amaima kwa kanthawi kenako n'kuyambanso kuphuka inu musanawamasule. Mukaona kuti pa ola limodzi ndi theka maselo ophuka anali ochepa koma pa maola 2 ndi theka achulukanso, dziwani kuti ndi Bar1. Yambani maselo akadali ochepa, muyeso wa kuthithikana kwawo wa OD600 uli pakati pa 0.2 ndi 0.4, muwatsuke n'kuwaika mu YPD yatsopano musanathire mankhwala, ndipo muwonjezere ena pakatha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kwa munthu amene adzabwereza ntchitoyi miyezi yambiri, ine ndimaona kuti kuchotsa BAR1 pa mitundu yonse n'kwanzeru, malinga ngati mtundu woyerekezera nawo wachotsedwa.

Chachitatu chimakhudza chromatin mwachindunji, ndipo ambiri sachiganizira. Yisiti imasunga makope awiri obisika a mating type, HML ndi HMR, amene amatsekedwa ndi Sir2, Sir3 ndi Sir4. Kutsekako kukafooka, selo la MATa limayamba kuwerenganso uthenga wa α wa pa HML, limadziona ngati diploid, limazimitsa STE2, ndipo alpha factor siligwiranso. Izi zimachitika m'mitundu yopanda mapuloteni a Sir, m'mitundu imene mchira wa histone H4 wasinthidwa pafupi ndi lysine 16, komanso pamene m'madzi muli nicotinamide, amene amalepheretsa Sir2. Ngati mtundu wanu uli ndi kusintha kwa histone pamwamba pa kusintha kwa RSC kapena SWI/SNF, ndipo PCR ikuti ndi MATa koma bwalo la pa mbale silikuoneka kapena ndi lachimbuuzi, chotsani HML n'kuyesanso.

Pomaliza pali nthawi. Selo limene ladutsa kale START liyenera kumaliza ulendo wake wonse lisanaime, choncho kuimitsa botolo kumafuna nthawi yoposa imene maselo amatenga kuti awirikize. Mtundu wosasinthidwa umawirikiza pa mphindi pafupifupi 90 mu YPD pa madigiri 30, koma snf2Δ ndi mitundu yofooka ya RSC imachedwa kwambiri, ndipo pa madigiri 25 zonse zimachedwerako. Musatengere wotchi ya m'pepala la munthu wina. Yezani nokha nthawi yowirikiza, ndipo muziwerenga maselo 200 pa maikulosikopu mpaka osaphuka apitirire 95 pa 100 alionse. Samalani kuti nsonga ya shmoo, imene selo limatulutsa likamva alpha factor, musaiyese mphukira yaing'ono, pakuti mphukira ili ndi khosi lopanikizika pamene shmoo imangosongoka popanda khosi.

Aima bwino koma akumasuka mosiyana

Apa vuto limakhala alpha factor yotsalira, makamaka mu bar1Δ mmene mulibe chodula mankhwalawo, ndipo kadontho kochepa n'kokwanira kuti maselo ena achedwe. Tsukani kawiri kapena katatu, kaya ndi sefa kaya ndi centrifuge, gwiritsani ntchito botolo latsopano chifukwa peptide imamatirira pa galasi, ndipo muthire pronase yodula alpha factor yotsalayo, pafupifupi 50 µg/ml, mu YPD yomasuliramo. Madzi otsukira ndi YPD yomwe zikhale zofunda kale pa kutentha kumene maselo akulire, chifukwa madzi ozizira amachedwetsa maselo mosalingana. Ntchito yonse yotsuka isapitirire mphindi 10, ndipo mphindi ya ziro ikhale pamene maselo alowa mu YPD yatsopano, mofanana pa mabotolo onse.

Kuimitsa kwa nthawi yaitali kumawononganso kumasuka. Selo loima mu G1 silileka kukula, ndipo kukula pang'ono kumathandiza chifukwa ana aang'ono amafika pa msinkhu wa amayi awo n'kudutsa START limodzi nawo, koma maola akachuluka maselo amatupa, amatulutsa nsonga zingapo, ndipo amachira aliyense pa nthawi yake. Komanso nthawi yonseyo Ste12 imakhala ikuyatsa majini omvera alpha factor monga FUS1, choncho chromatin ya pa majini amenewa pa mphindi ya ziro si ya G1 wamba. Masulani maselo akangoima. Dziwaninso kuti ngakhale zonse zitayenda bwino, kuyendera limodzi kumayamba kutha pa ulendo wachiwiri, popeza ana amakhala mu G1 nthawi yaitali kuposa amayi. Ngati mukufuna ulendo umodzi wokha, bwezerani alpha factor, mu YPD yopanda pronase, maselo ambiri akaphuka kuti akaimenso mu G1 yotsatira.

Kutentha kumene kumanamiza

Popeza STH1, jini ya Sth1, singachotsedwe, ambiri amagwiritsa ntchito allele (mtundu wina wa jiniyo) imene imagwira ntchito pa madigiri 25 n'kufa pa 37. Msampha wake ndi wakuti kutentha kwadzidzidzi pakokha kumaimitsa yisiti mu G1 kwa kanthawi, ngakhale yosasinthidwa, ndipo mRNA ya CLN1 ndi CLN2, majini a ma cyclin a G1, imatsika. Munthu amene amamasula maselo kuchokera ku alpha factor ya pa 25 n'kuwaponya mu YPD ya pa 37 amasakaniza zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo kuchedwa kumene akuona sangadziwe ngati n'kwa RSC kapena kwa kutentha. Ndondomeko yabwino ndi kuimitsa pa 25, kukweza kutentha maselo akadali mu alpha factor, kudikira pafupifupi ola limodzi kuti puloteniyo ife ndiponso kuti maselo azolowere, kenako n'kumasula pa 37. Mu mtundu wa BAR1 wonjezerani mankhwala pokweza kutenthako. Ngati mukuimitsa ndi nocodazole, imene imagwira maselo mu mitosis ndipo kawirikawiri imathiridwa 15 µg/ml, kumbukirani kuti pa 37 maselo amaidumpha mosavuta, choncho muziyang'ana pa maikulosikopu ngati sanayambe kuphukanso.

Njira zatsopano zimapewa kutentha koma zili ndi zofuna zake. Njira ya anchor-away, imene inalongosoledwa mu 2008 ndi gulu la Ulrich Laemmli ku Geneva, imatulutsa puloteni mu nyukiliyasi pogwiritsa ntchito rapamycin, ndipo imafuna mtundu wokhala ndi tor1-1 ndi fpr1Δ. Zimenezi zikatayika pokwatitsa mitundu, rapamycin imatsekereza TORC1, imene imayendetsa kukula kwa selo, n'kuimitsa maselo mu G1 payokha, ndipo wofufuza amaganiza kuti wapeza ntchito yatsopano ya RSC. Njira ya auxin degron, yowonongera puloteni auxin ikathiridwa, ya mu 2009 yochokera ku gulu la Masato Kanemaki, imafuna puloteni ya TIR1 ya ku zomera, ndipo auxin yochuluka imachedwetsa yisiti payokha, choncho pafunika botolo la TIR1 yokha lothiridwa auxin yofanana. M'njira zonsezi, western blot kapena chithunzi cha pa maikulosikopu chiyenera kusonyeza kuti Sth1 yachokadi musanamasule maselo. Chomatira cha degron nachonso chingafooketse puloteni ngakhale mankhwala asanathiridwe, ndipo mudzadziwa zimenezi poyerekeza kukula kwa mtunduwo ndi kholo lake.

Maselo a RSC aunjikana mu G2/M

Apa ndi pamene ndikufuna kuti tikhalitse, chifukwa ndi pamene ntchito yabwino imasanduka mfundo yolakwika. Maselo amene RSC yawo yafooka akamasulidwa mu G1, kawirikawiri amaphuka, amakopera DNA, kenako amaima ali ndi mphukira yaikulu ndi nyukiliyasi imodzi pakhosi, ndiko kuti mu G2/M. Ameneyu si mlandu wa dzanja lanu. Gulu la Eiko Tsuchiya ku Hiroshima linaona zimenezi pa jini imene ankaitcha NPS1, yomwe ndi STH1 yomweyo, ndipo mu 1997 gulu la Brehon Laurent linasonyeza kuti Sfh1, chigawo china cha RSC, chikafooka maselo amaimanso mu G2/M. RSC imafunika pa centromere ndiponso pomangirira ma chromatid awiri ndi cohesin, ndipo zimenezi zikasokonekera, checkpoint ya spindle, mlonda woona ngati ma chromosome alumikizika bwino, imaletsa selo kulowa mu anaphase, gawo limene ma chromatid amalekana.

Tsoka limabwera poyerekeza. Tiyerekeze kuti pa mphindi 90 mtundu wosasinthidwa wamaliza mitosis n'kulowa mu G1 yatsopano, pamene mtundu wa sth1 ukadali mu G2/M. Mukayeza mRNA ya SIC1, jini imene imayaka kumapeto kwa mitosis, kapena ma nucleosome a pa promoter yake, mudzapeza kusiyana kwakukulu, koma kusiyanako kungakhale kongosonyeza kuti maselo ali pa magawo osiyana, osati kuti RSC imagwira ntchito pa promoter imeneyo. Kafukufuku wa Paul Spellman ndi anzake wa mu 1998 anapeza majini pafupifupi 800 a yisiti amene amakwera ndi kutsika motsatira ulendo wa kugawikana, ndipo ili yonse mwa amenewa ingakunamizeni motere. Wotchi ikafanana sizitanthauza kuti gawo lafanana.

Mankhwala ake ndi kusintha kafunsidwe. M'malo momasula maselo n'kuyerekeza pa mphindi zofanana, agwireni onse pa gawo limodzi n'kuchotsa RSC ali chiimire. Imitsani mabotolo awiri mu alpha factor, chotsani Sth1 mu limodzi, ndipo mutape masampulo musanamasule. Chitaninso chimodzimodzi mu nocodazole. Kusintha kwa ma nucleosome kumene kungaoneke apa, monga kuchepa kwa mpata wopanda nucleosome pa promoter ndi kusendera kwa nucleosome ya +1 kulowa mu mpatawo, sikungakhale kochokera ku kusiyana kwa magawo. Ngati funso lanu likufuna ndithu kuti maselo ayende, ikani nocodazole mu YPD yomasuliramo kuti mitundu yonse iwiri ikathere pa malo amodzi, ndipo muyerekeze masampulo motsatira zizindikiro za gawo, monga kutha kwa Sic1, kuchuluka kwa Clb2 ndi kutalika kwa spindle, osati motsatira wotchi.

Pofuna kudziwa ngati kuimako kukuchokera ku checkpoint ya spindle, chotsani MAD2 kapena MAD1, majini a checkpoint imeneyi, mu mtunduwo. Maselo akaleka kuima, yankho lapezeka, koma musagwiritse ntchito mtundu umenewo poyeza chromatin kwa maola ambiri, chifukwa maselo amene adutsa mitosis ndi ma chromosome osalumikizika bwino amafa, ndipo chromatin ya selo lakufa siinena zoona. Muziyala maselo pang'ono pa mbale pa sampulo iliyonse kuti mudziwe amoyo ndi angati. Chimodzimodzinso, kuchotsa Sth1 kotheratu kumatsitsa kuwerengedwa kwa majini ambiri nthawi imodzi, choncho masampulo a m'mphindi zoyambirira ndi odalirika kuposa a pambuyo pa maola 3, pamene zotsatira za zotsatira zayamba kuunjikana.

Palinso chinthu china chimene chimasokoneza anthu pa mitundu ya RSC, ndicho kuwirikiza kwa ma chromosome. Mitundu ina, monga yofooka pa RSC3 kapena SFH1, imadziwika kuti imatha kusanduka yokhala ndi DNA yowirikiza ikamakula. Selo lotere likadali MATa mbali zonse, limamvabe alpha factor, limaima popanda mphukira, koma pa flow cytometry, njira yoyeza kuchuluka kwa DNA m'selo lililonse, chulu chake cha G1 chimagwera pamene pali chulu cha 2C cha haploid, ndiko kuti cha selo wamba limene lakopera kale DNA yake. Wofufuza amaona galafuyo n'kunena kuti maselo sanaime mu G1, chonsecho aima. Maikulosikopu ndi flow cytometry zikatsutsana motere, yezani botolo losaimitsidwa la mtunduwo pambali pa haploid ndi diploid zodziwika, ndipo mukaona zulu pa 2C ndi 4C, bwererani ku chubu cha mu firiza ya madigiri 80 pansi pa ziro, kapena pangani mtunduwo mwatsopano. Mitundu yofooka isamasungidwe pa mbale milungu yambiri, pakuti maselo amene apeza kusintha kwina kowapulumutsa amakula msanga n'kulanda mbale yonse. Mukaona mtundu wa snf2Δ umene mwezi watha unkakula mwapang'onopang'ono ukukula ngati wabwinobwino, musakondwere nawo.

SWI/SNF sikuoneka pa HO

Jini ya HO, imene imayambitsa kusintha kwa mating type, ndi malo otchuka oonera SWI/SNF ikugwira ntchito, ndipo ndi pamenenso ambiri amakhumudwa chifukwa chosankha malo olakwika oimitsira maselo. Mu 1999 Maria Pia Cosma, Tomoyuki Tanaka ndi Kim Nasmyth ku Vienna anasonyeza mndandanda wa zochitika pa promoter imeneyi: puloteni ya Swi5 imalowa mu nyukiliyasi kumapeto kwa anaphase, imakhala pa DNA kwa mphindi zochepa n'kuitana SWI/SNF, kenako pamabwera SAGA, gulu loika acetyl pa ma histone, ndipo pambuyo pake SBF, yopangidwa ndi Swi4 ndi Swi6, imayatsa jiniyo kumapeto kwa G1. Malo awiri okhalapo Swi5 ali kutali, pafupifupi ma base pair 1800 ndi 1300 kumbuyo kwa poyambira jini. Tsono munthu woimitsa maselo ndi alpha factor amawagwira mu G1, pamene Swi5 inabwera kale n'kupita. Kuti aone kubwera kwake ayenera kudikira mpaka kumapeto kwa mitosis yotsatira, ndipo pofika pamenepo maselo ayamba kale kusiyana mokwanira kufafaniza chinthu cha mphindi zochepa.

Funso la kumapeto kwa mitosis limafuna kuimitsa maselo pafupi ndi pamenepo. Njira yodziwika ndi kuika CDC20, jini yofunika kuti selo lilowe mu anaphase, pansi pa promoter yozimitsika, kuti maselo aime mu metaphase, ndipo akamasulidwa alowe mu anaphase pamodzi. Ndi promoter ya GAL1, maselo amakulira mu galactose, amaima akaichotsa, n'kumasuka akaibwezera, koma mitundu yopanda SWI/SNF imakula movutikira kwambiri mu galactose ndi raffinose, moti njira yomasulira yokhayo imadalira chinthu chimene mwachotsacho. Promoter ya MET3, imene imazima methionine akathiridwa, imapewa vutoli, koma imafuna kuti maselo azikula popanda methionine, ndipo BY4741 ili ndi met15Δ0, kutanthauza kuti singakule motero. Pamenepa pafunika mtundu wa W303 kapena spore ya MATa yokhala ndi MET15 yochokera pokwatitsa BY4741 ndi BY4742. Njira ya cdc15-2 imaimitsa maselo mu telophase pa 37 n'kuwamasula pa 25, ndipo ndi yothandiza, koma singaphatikizidwe ndi allele ina yomvera kutentha chifukwa zonse zimadzuka nthawi imodzi. Masampulo atengedwe pakatha mphindi 5 zilizonse, osati 10 kapena 15.

Ngakhale zonsezi zitakonzedwa, chizindikiro cha pa HO chimakhala chochepa kuposa chimene munthu amayembekezera, chifukwa jiniyi imayaka m'maselo amayi okha. mRNA ya ASH1 imanyamulidwa kupita kunsonga ya mphukira, ndipo Ash1 imatseka HO mwa ana. Kuchotsa ASH1 kumachititsa kuti ana nawonso ayatse jiniyo ndipo chizindikiro chimakula, koma Ash1 imagwira ntchito ndi Rpd3, imene imachotsa acetyl pa ma histone, choncho mtundu wa ash1Δ uli ndi chromatin yosiyana ndi imene munayamba kufunsa. Nenani zimenezi poyera polemba zotsatira. Onetsetsaninso kuti malo a HO mu mtundu wanu akadali athunthu, popeza anthu ambiri amawagwiritsa ntchito polowetsa majini ena, ndipo mtundu wobwereka ungakhale ndi chinthu china pamenepo popanda kulembedwa pa chubu.

Kuchedwa kutuluka mu mitosis kwa mitundu ya swi/snf nakonso kungakhale kwenikweni. Gulu la Craig Peterson linasonyeza mu 2000 kuti majini ambiri oyaka kumapeto kwa mitosis amadalira SWI/SNF ndi Gcn5, chigawo cha SAGA, choncho pano lamulo lija loyerekeza gawo ndi gawo likugwirabe ntchito.

Pamene muyeso ndiwo ukulakwa

Nthawi zina maselo anayenda bwino koma kuyeza n'kumene kwasokoneza. Maselo omatirirana amawerengedwa ngati ophuka pa maikulosikopu ndiponso ngati 2C pa flow cytometry, ndipo maselo ochokera mu alpha factor amamatirirana kwambiri, choncho sampulo iliyonse idutse pa sonicator kwa masekondi ochepa. Pa flow cytometry, umitsani maselo mu ethanol wa 70 pa 100, gayani RNA yonse ndi RNase A, gwiritsani ntchito proteinase K kapena pepsin, ndipo mupake SYTOX Green, imene Steven Haase ndi Steven Reed anasonyeza mu 2002 kuti imapereka zulu zooneka bwino kuposa propidium iodide. Maselo akaima nthawi yaitali chulu chimasendera kumanja pang'onopang'ono chifukwa selo likukula ndipo DNA ya mitochondria ikuchulukabe, ndipo kusenderaku si kulowa mu S, gawo lokopera DNA.

Pa ChIP, formaldehyde wa 1 pa 100 athiridwe m'sampulo nthawi yomweyo yatapidwa, kwa mphindi zofanana ndi pa kutentha kofanana, chifukwa kumangirira kumathamanga pa 37 kuposa pa 25. Sampulo iliyonse iyerekezedwe ndi input yake, DNA ya sampuloyo isanakumane ndi antibody, popeza mu S madera ena a DNA amakhala atakoperedwa kale pamene ena sanayambe. Pa MNase, imene imadula DNA ya pakati pa ma nucleosome, maselo otupa a shmoo ndi maselo a mphukira zazikulu sagayika khungu mofanana ndi zymolyase, ndipo OD600 yofanana siitanthauza chiwerengero chofanana cha maselo, choncho werengani maselo enieni ndipo muyese milingo ingapo ya MNase pa gawo lililonse. Masampulo amene mudzawayerekeze akhale okhawo amene makwerero awo a pa gel akufanana, kumene chigawo cha nucleosome imodzi chachuluka koma cha awiri ndi cha atatu chikuonekabe.